Tsiku Limene Khofi Anasowa kwa Bambo a Nayef

Basi ya ku Karak inali itadzaza kupatula mpando umodzi, ndipo dalaivala anali atanenetsa kuti sanyamuka mpaka mwini mpandowo atapezeka. Ghadeer anakhala cha pazenera, chikwama pamiyendo. Foni inaliranso. Anali amayi ake.

"Uli pati kodi? Telala akuti sunafike."

"Ndili m'njira, amayi."

Silinali bodza kwenikweni. M'njira analimo ndithu, kungoti njirayo sinali yopita kwa telala.

Banja lawo linali litangobwerera ku Amman kuchokera ku Jeremani, kumene Ghadeer anapita ali wakhanda n'kubwerako ndi digiri ya masamu. Makatoni ena anali asanamasulidwe n'komwe. Lachisanu likubweralo, abale a Laith, mnyamata amene ankamufuna, anali oti abwera kudzamufunsira ukwati. Anthu otero sabwera awiri kapena atatu. Amabwera chigulu cha amuna, ndipo amayembekeza kupeza chigulu china chikuwadikira. Bambo a Ghadeer, a Mufleh, anali atabwereka mipando yambiri, koma okhalapo analibe. Mkulu wawo, a Salameh, amene aliyense ankawatchula kuti bambo a Nayef, anali asanawayankhule chimwalirireni amayi awo, chifukwa a Mufleh sanabwere kumaliro. Popanda a Salameh, panalibe munthu wa kumudzi amene akanayerekeza kubwera.

Laith anali atamuuza mosabisa. "Kwa ine si nkhani. Koma agogo anga akufunsa kuti munthu amene abale ake amuthawa analakwanji. Akapeza bambo ako ali okha, sakhala n'komwe pansi."

A Mufleh nawo anali atamaliza nkhaniyo ndi mawu ochepa: "Sindikagwadira munthu amene anandidulira foni."

Ghadeer ankakhulupirira kuti funso lililonse lili ndi yankho lake, bola kulifunsa bwino. Yankho la funso ili analitola m'nkhani zimene bambo ake ankasimba ku Jeremani nthawi yachisanu. Mlendo wokhala ndi pempho akalandira kakapu ka khofi, samwa. Amakaika pansi. Mwininyumba sangapirire kuona khofi wake akuzizira pamaso pa anthu, ndiye amafunsa chimene mlendo wadzera, ndipo akangoti "imwani khofi wanu," wavomera basi, sabwezanso. Zoti zimenezi amachita amuna a imvi okhaokha, Ghadeer anaziona ngati kanthu kakang'ono.

Basi itanyamuka, kanthu kakang'onoko kanayamba kukula. Ku Karak anatsika basiyo. Anakwera kabasi ka kumudzi, ndipo potsika anafunsa nthawi yobwerera.

"Komaliza kamanyamuka anthu akangotuluka m'mzikiti chakumadzuloku," anatero dalaivala. "Mukakaphonya, mlongo, mugona konkuno."

Mudziwo ankaudziwa pa zithunzi zokha. Analowa m'kagolosale ka pamsewu n'kufunsa nyumba ya bambo a Nayef. Mwini golosale anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Chiyankhulo n'chakunja, koma mphunoyo ndi ya kwathu kuno. Ndinu mwana wa Mufleh wa ku Jeremani. Kwerani chitundachi, geti lobiriwira."

Ghadeer asanatuluke pakhomo, bamboyo anali atatola kale foni.

Choncho a Salameh anamuchingamira pageti ngati munthu amene wakhala akumudikira chiyambire m'mawa. Anali aatali, owuma thupi, mpango wofiira kumutu, ndipo maso awo anali a bambo ake enieni. Anamupsompsona pamphumi.

"Mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga. Lowa, nyumba ndi yako."

M'chipinda cha alendo munali matiresi otsamira khoma, ndipo pa amodzi panakhala a Awad, mnansi wawo, nkhalamba ya dzino limodzi lagolide imene inkaoneka kuti inabwera kudzaonerera. Ghadeer anakhala mwaulemu, n'kukonzekeretsa dzanja lamanja. Mkazi wa a Salameh, mayi a Nayef, analowa ndi thireyi.

Anali tiyi.

Ghadeer anaponya maso pakona pamene panali mbaula ya makala. Makala anali akuyaka bwinobwino, koma pamene pamakhala ketulo ya khofi panali chizindikiro chozungulira paphulusa basi. Anaganiza msanga. Mwina tiyi angagwire ntchito yomweyo. Analandira tambula n'kuiika pansi mosamala, n'kupinda manja.

"Wachepa shuga?" anafunsa a Salameh. "Mayi a Nayef, mwanayu muwonjezereni shuga."

"Ayi, bambo aakulu. Ndangomuika pansi."

"Akazizira atenthetsanso. Tiyi sadandaula."

A Awad anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, tiyi ungamuike pansi mpaka mawa, palibe amene angachite manyazi. Koma inu bambo a Nayef, lero nyumba ino ikununkhira mosiyana. Mphuno zanga zikusowa kenakake."

"Mphuno zanu zakalamba, a Awad. Imwani."

Panabwera mphesa. Panabwera mpunga wa nyama ya nkhosa, wochuluka ngati kuli ukwati kale. Foni inkanjenjemera m'chikwama, ndipo nthawi iliyonse Ghadeer ankamva ngati amayi ake akumutsina. Dzuwa linali litayamba kupendeka pazenera. Anaona kuti angolankhula.

"Bambo aakulu, ine ndabwera ndi nkhani."

"Nkhani?" A Salameh anakweza dzanja. "Kwathu kuno mlendo safunsidwa chimene wadzera mpaka atagona masiku atatu. Bambo ako sanakuphunzitse? Idya. Waonda ngati kumeneko kulibe nkhosa."

Masiku atatu ankathera Lachisanu lomwelo. Ghadeer anaona kuti pa masamu amenewa si iye yekha amene anali katswiri.

Ananyamula mbale n'kutsatira mayi a Nayef kukhitchini. Mayiwo anatseka chitseko ndi chigongono.

"Usavutike n'kuyang'anayang'ana, mwanangu. Ketulo ili kuchipinda, pansi pa bedi. Atangomva kuti watsika basi, anainyamula okha ikutentha, mpaka apsa chala."

"Bwanji osangondikana, mayi aakulu? Ndine mkazi. Akanangoti zimenezi si za akazi."

"Akukane bwanji, kapu ili pansi, a Awad akuyang'ana? Bambo ako aakuluwa ukali wawo ndi wa pakamwa. Chithunzi cha Mufleh chili m'kabati, pansi pa malaya awo a Lachisanu. Koma usati wamva kwa ine."

"Ndiye inu mungoitulutsa."

"Ine? Nyumba ino ndikhalamobe iwe ukapita."

Ghadeer anatsuka mbale imodzi nthawi yaitali. Munthu wobisa ketulo ndi amene akudziwa kale kuti sangakane. Yankho linalipo, kungoti linali pansi pa bedi, ndipo iye sakanalowa kuchipinda kwa bambo ake aakulu. Kenako kuitana kwa swala kunamveka kuchokera kumzikiti. Kabasi komaliza kanali pafupi kunyamuka.

Amuna aja atangomaliza kupemphera m'chipinda cha alendo momwemo, Ghadeer analowa chikwama chili paphewa.

"Bambo aakulu, ndikutsanzika. Mwandilandira bwino, Mulungu akuwonjezereni."

"Msanga chonchi? Mlendo ndi mame ndithu." Nkhope ya a Salameh inamasuka pang'ono.

"Koma mundithandize chimodzi." Ghadeer anawayang'ana m'maso. "Bambo anga aliyense wochokera kuno amamufunsa funso limodzi: khofi wa achimwene akadali wowawa ngati kale? Zaka zonse zija ankatiuza kuti m'nyumba muno ketulo sinachokepo pamoto chibadwire iwo. Akandifunsa madzulo ano, ndikawauze chiyani?"

A Awad anakanda chibwano.

"Ukawauze zoona, mwanawe. Ukati mlendo analowa kwa bambo a Nayef, n'kutuluka osalawa khofi. Usavutike n'kuuza anthu ambiri, kumzikiti ndikakuuzira ndine."

"A Awad, kwanu kulibe ntchito?"

"Ntchito yanga ndi imeneyi."

A Salameh anayang'ana Ghadeer, n'kuyang'ana mbaula, n'kuyang'ana chala chawo chakupsa chija. Anapumira m'mwamba.

"Mayi a Nayef. Bweretsani khofi."

Ketulo inabwera msanga modabwitsa, ngati inali itatuluka kale pansi pa bedi. Itatentha, a Salameh anathira okha, ketulo kumanzere, kakapu kumanja. Ghadeer analandira. Fungo lake linamukwera m'mutu, ndipo kukhosi kunali gwa ndi ludzu. Anawerama n'kuika kakapuko pamkeka.

Kumunsi kwa chitunda kabasi kanaliza hutala. Ghadeer sanatembenuke.

"Nena," anatero a Salameh.

"Lachisanu kukubwera anthu kudzandifunsira. Ndikupempha kuti mukakhale pampando woyamba, mukawayankhe ndinu."

"Bambo ako akutuma?"

"Sakudziwa kuti ndili kuno."

"Ndimadziwa." A Salameh anayang'ana kakapuko. "Tsiku limene tinkanyamula amayi kupita nawo kumanda, ngodya imodzi ya chithatha ndinagwira ine. Ngodya ya Mufleh anagwira a Awad awa. Amayi anamwalira maso ali kukhomo. Iye anangotumiza mawu akuti mapepala ake sakumulola kutuluka. Mapepala. Anthu amati chibale ndi fupa sichiola, koma saonjezera kuti fupa limathyoka."

"Sindinabwere kudzawayankhira, bambo aakulu. Ndinali mwana, za maliro sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachisanu mipando ikakhala yopanda anthu, wochita manyazi si iwo okha. Anthu akafunsa kuti mtsikanayu ndi wa kwa yani, dzina limene litchulidwe ndi lanu lomwe."

Hutala inaliranso, kenako phokoso la injini linatsika chitunda mpaka kuzimiririka. Ghadeer anaganiza za amayi ake ataima pakhomo, za telala, za bambo ake akumva kuti mwana wawo wamkazi wagona kumene iwo sakukudziwa. Nthunzi ya pakakapu inali itatha.

"Bambo a Nayef," anatero a Awad motsitsa, tsopano osaseka, "khofi wanu akuzizira, ndipo ine maso ndili nawo."

A Salameh anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango wawo.

"Imwa khofi wako."

Ghadeer anamwa. Anali wozizira ndi wowawa, ndipo sanalawepo chinthu chokoma chotero. Koma atangoika kakapu m'dzanja la bambo ake aakulu, mantha ena anabwera.

"Basi yandisiya."

"Ndamva. Sindine gonthi." A Salameh anadzuka n'kutola makiyi pamsomali. "Mwana wamkazi wa nyumba ino sagona kunja bambo ake osadziwa. Tiye."

M'galimoto yawo yonyamulira nkhosa sanayankhulane kwambiri. Ali m'njira Ghadeer anaimbira amayi ake n'kuwauza kuti ali bwino, akubwera ndi mlendo, ndipo anadula asanafunsidwe dzina la mlendoyo. Iye anapempha za Lachisanu. Za lero sanazikonzekere.

Anafika dzuwa likulowa. A Mufleh anali pabwalo akupukuta fumbi pamipando yobwereka ija. Ataona amene akutsika m'galimoto, kansalu kanagwa m'manja mwawo. Abale awiriwo anaima moyang'anana, mipando yopanda anthu ili pakati pawo.

"Wakalamba," anatero a Salameh.

"Takulandirani, achimwene. Lowani."

Amayi a Ghadeer anamugwira pamkono zolimba n'kumunong'oneza kuti, "Telala wako ndi ameneyu? Tikambirana." Kenako anathamangira kukhitchini.

Anakhala m'chipinda chochezera, pakati pa makatoni. A Mufleh anathira khofi n'kupereka kakapu kwa mkulu wawo. A Salameh analandira, n'kukayang'ana, n'kukaika pamwamba pa katoni yosamasula.

Ghadeer ankaonerera ataima pakhomo.

A Mufleh anaika ketulo pansi. "Nenani, achimwene."

"Mawa m'mawa tikupita kumudzi. Ukaime pamanda a amayi masana, anthu akuone. Ukawauze wekha za mapepala akowo."

A Mufleh anayang'ana kakapuko nthawi yaitali.

"Imwani khofi wanu, achimwene."

A Salameh anamwa kamodzi n'kumaliza, n'kugwedeza kakapu kusonyeza kuti akwana. Anakwinya nkhope.

"Ameneyu ndi madzi. Anthu a ulemu wawo sitingawapatse zimenezi. Lachisanu ketulo ndibweretsa yanga."