Howard Aika Makasitomala M'buku

Howard Kalebe anagwira ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti ya Mayi Talandira pa Chezi zaka khumi ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo palibe kasitomala anafunsapo dzina lake. Ankangoti "Achimwene!" kapena kugogoda tebulo ndi kiyi, iye n'kuthamanga ndi jagi ndi beseni. Ntchitoyo ankaikonda, ngakhale sankavomera pagulu. Chomwe odyawo ankaiwala n'choti wosambitsa anthu m'manja amawerama, ndipo akawerama khutu limafika pomwe pali nkhani.

Ndiye tsiku lina mtima unamukwera. Anagula makope anayi n'kuyamba kulemba buku la ntchito yake. Ankadziona kale ali m'jekete, akuyankha mafunso pa wailesi, anthu akwawo ku Bowe akuuzana kuti, "Mwana wa a Kalebe ujatu ameneyo."

Howard sanali chitsiru, kapena tinene kuti iye ankaganiza choncho. Mayina onse anachotsa. Koma woperekera zakudya sasunga anthu ndi mayina, amawasunga ndi zomwe amaitanitsa, ndipo iye anawalemba momwemo. Munali bambo wa chiwindi chopanda anyezi, amene Lachisanu lililonse ankabwera ndi "mlongo wake" wosiyana ndi wa sabata yatha. Munali mayi wa tiyi wa masupuni asanu a shuga, amene ankayamba kunena apongozi ake asanakhale n'komwe pampando. Munalinso venda wa fodya wodya mitu ya nkhuku yokhayokha, yemwe ananong'oneza mnzake mmene amaberera alimi pa sikelo.

Atamaliza, anapereka makopewo kwa Eleanor, mayi wotayipa zikalata pafupi ndi msika. M'mawa mwake anamupeza akuseka mpaka misozi. Howard anatukumula chifuwa, nati mumtima luso silibisika.

"Achimwene," anatero Eleanor, "a chiwindiwa si a Manesi, akulu ampingo aja?"

"Ndi munthu wongopeka ameneyo."

"Eya, wongopeka amene amaimika njinga yamoto yofiira pakhomo panu."

Sipanathe masiku atatu, Chezi yense anali atalidziwa bukulo, anthu osaona ngakhale tsamba limodzi. Howard ankayembekeza kuti wina amumenya, ndipo kunena zoona zikanamupatsa mutu wabwino womalizira bukulo. Palibe anamukhudza. Anthu ankabwerabe, koma akangomuona akuyandikira ndi jagi, pakamwa tseke. A Manesi anabwera ndi akazi awo enieni, n'kudya nyemba zodzaza anyezi osadandaula. Mayi wa tiyi anathira supuni imodzi n'kufunsa ngati mvula igwe msanga chaka chino. Aliyense tsopano ankamudziwa dzina. "Zikomo, a Howard," ankatero mwaulemu woopsa, kudikira kuti achoke. Sabata yachiwiri mipando yambiri inangokhala yopanda anthu, ndipo mantha anamugwira zenizeni, poti kunyumba kunali ana atatu.

Mayi Talandira anamuitanira kuseri kwa khitchini.

"A Howard, mukuganiza kuti anthuwa kwawo kulibe chakudya? Kuno amadzalankhula zomwe sangalankhule kunyumba. Chakudya n'chongoperekeza."

"Koma Mayi, mayina ndinachotsa."

"Mukanachotsa chiwindi."

Howard anayang'ana pansi. Anafuna kunena zoti alembi onse amazunzika poyamba, koma nkhope ya Mayi Talandira sinali yomvera za alembi.

"Sindikuchotsani ntchito, chifukwa cha ana anu," anatero mayiwo. "Koma kutsogolo kuja musapondekonso."

Anamulanda jagi n'kuipereka kwa Princess, mayi amene ankasenda mbatatesi. Princess anapukuta manja, namusiyira mpeni ndi kampando kake, pambali pa thumba lofika m'chiuno.

Howard anakhala pansi n'kuyamba kusenda, mokhuthala ngati munthu wokwiya ndi mbatatesi. Nkhani inayenda msanga pamsika kuti mlembi wapita kuseri. Pofika nthawi ya nkhomaliro anamva mipando ikukokedwa, kenaka mawu, kenaka phwete la mayi wina, loti ukalimva umadziwa kuti nkhani yomwe yanenedwayo ndi yonona. Howard anaimitsa mpeni, nakankhira kampando kufupi ndi khoma, n'kugunditsa khutu pa njerwa.

Phokoso ankalimva, koma sanatolepo liwu ngakhale limodzi.