Chipinda cha Liwiro

Koleji yake inali yaing'ono zedi, zipinda zisanu pamwamba pa sitolo ya misomali ndi penti. Malo ogona kunalibe, bwalo kunalibe. Belu la 3 koloko likangolira, aliyense ulendo, pasitepe gudugudu ngati kwabuka moto. Anthu ankaphunzira limodzi chaka chathunthu osadziwana ndi dzina lomwe.

M'kalasi ya zosoka munali mtsikana wina amene ankamutcha Wailesi, poti nkhani ikamufika m'khutu sinkagona. Pa makina oyandikana naye pankakhala Liwiro, wofatsa, wamaso aakulu. Ameneyo ankayamba kupinda nsalu belu lisanalire, chifukwa ankakwera mabasi awiri ndipo ankayenera kukatenga mwana wa achemwali ake ku sukulu ya mkaka asanatseke geti.

Tsiku lina Liwiro akulowetsa ulusi pa singano, anangoti, "Iwe, miyezi inayi pano, palibe amene anandimvapo ndikuseka. Bwanji tipemphe kachipinda kosungira mipando yothyoka kaja? Tizikumanamo masana, pa nthawi yopuma."

Wailesi anailumphira nkhaniyo ngati yake. Anathamangira ku ofesi, n'kuwanyengerera mayi olembera mpaka anatulutsa kiyi.

"Koma musakandiswere mawindo, ana inu!"

"Mayi, ife? Angelo enienife?"

Awiriwo anasesa, anakolopa, mphuno zonse fumbi. Liwiro anasoka makatani ndi zidutswa zotsala m'kalasi, zofiira ndi zobiriwira, ndipo tsiku limenelo anasekadi, kuseka kwa chikhakhali mpaka kugwira m'mimba.

Cholakwika chinachitikira pasitepe. Wailesi anaima pamenepo ataweruka n'kumalemba manambala a foni kuti apange gulu la pa foni. Nanga ndani amaima pasitepe belu litalira? Okhawo okhala pafupi, oyenda pansi. Akutali onse anali atafika kale pa siteji. Ndiye pa gulupo anthu khumi ndi awiri anagwirizana bwinobwino kuti azikumana Lachisanu, 4 koloko. Wailesi anakumbukira ndithu kuti mnzake ananena za masana. Koma amene anatchula 4 koloko anali Waya, mnyamata wamtali wa m'kalasi ya zamagetsi, ndipo Wailesi ankamufuna Waya chamumtima. Anangolemba kuti, "Zili bwino kwambiri!"

Lachisanu belu litangolira, anthu akuyamba kusonkhana, Liwiro anaima pakhomo pa kachipinda kaja chikwama chili paphewa. Anayang'ana makatani ake, anayang'ana wotchi, n'kutsika sitepe mothamanga.

"Kodi ameneyu amathamangira chani masiku onse?" anafunsa Waya, akuthira supuni yachinayi ya shuga mu tiyi. "Ndife onunkha?"

Onse anatembenukira kwa Wailesi, poti ndiye mwini nkhani. Zoona zake ankazidziwa. Koma mwana wa ku sukulu ya mkaka angaseketse ndani?

"Inu simudziwa? Pali bambo wina wamimba amamudikira pakona ndi galimoto. Akachedwa amalizatu hutala!"

Chipinda chonse chinagwa nacho chiseko, Waya mpaka kutsamwa. Wailesi anapita kwawo akuyenda ngati mfumukazi.

Pofika Lachiwiri nkhaniyo inali itazungulira koleji yonse, galimoto ija itapeza mtundu, bambo uja atapeza mkazi ndi ana atatu. Liwiro anaimva kwa mayi okolopa, amene anamukokera pambali n'kumulangiza za amuna a eni.

Anabwerera m'kalasi, n'kukhala pa makina ake.

"Wailesi, mwana uja unamuona pa foni yanga. Unati ali ndi masaya ngati mabanzi."

"Iiih, asisi, zinali zocheza chabe…"

"Anthuwo anaseka?"

Wailesi anavomera ndi mutu.

"Chabwino. Bola anaseka."

Mawa lake Liwiro anapempha aphunzitsi kuti asamukire pa makina a kumbuyo, aja odumpha ulusi, amene aliyense ankawathawa.

Wailesi anayesetsa, zimenezo tisamunamizire. Anayenda kalasi ndi kalasi m'mawa, kunena poyera kuti za galimoto zija anapeka yekha. Analembanso manambala, nthawi ino anthu ali pa mipando yawo, ndipo anapezeka makumi anayi. Kukumana kunasinthidwa kukhala masana. Kachipinda kanadzaza mpaka ena kukhala pawindo: a zamakompyuta kuphunzitsa a zosoka kusewera makadi, mtsikana wina kupeza mnzake wokwera naye basi imodzi chaka chonse osadziwana. Waya anati masana n'kotentha, n'kusiya kubwera, ndipo Wailesi anadabwa kuti sizinamupweteke n'komwe.

Koma Liwiro sanapondemo. Nthawi yopuma ankakhala yekha pa makina aja, buledi wake pamwendo.

Sabata yomaliza ya teremu Wailesi anamutengera tiyi m'kapu, akuyenda pang'onopang'ono kuti asatayike.

"Tiye, ngakhale mphindi zisanu. Aliyense akudziwa kuti nzeru inali yako."

Liwiro analandira kapuyo ndi manja awiri, mwaulemu ngati akulandira kwa mlendo.

"Zikomo. Teremu ya mawa ndikukayamba ku koleji ya kufupi ndi kwathu. Pita, akukudikira anzako."

Kenako Liwiro anaika kapu pansi, n'kuyamba kupalasa makina.