Sinki Yatseka, Alendo Ali M'njira

Sinki yathu inatseka Lachinayi m'mawa, tsiku lomwelo limene amake Yazan amabwera kudzaona mwana wathu Lamis. Kuno mumzinda wathu wa Irbid tonse timadziwa mmene zimakhalira. Mayi wa mnyamata akamwa khofi amanyamula yekha kapu n'kulowa nayo kukhitchini, ati kuthandiza, chonsecho akufuna aone ngati mtsikanayo wakulira m'nyumba yaukhondo. Tsono ife sinki inali yodzaza ndi madzi akuda, mafuta akuyandama pamwamba, fungo mpaka pamakwerero.

Lamis anamukonda Yazan kuyambira kukoleji. Anangoima pakhomo la khitchini misozi ili lengelenge, ine mtima unandiwawa.

Ndinathiramo theka la botolo la mankhwala oyeretsera zovala, madzi osasuntha. Amuna anga a Fawzi, amene chikwatiranireni sindinawaonepo atagwira sipanala koma amadziwa zonse, anathamangira kugolosale n'kubwerako ndi botolo la asidi.

"Patukani, amake Mazin," anatero kwa ine, pondiitana ndi dzina la mwana wathu wamkulu. "Ameneyu amadya chilichonse."

"Adyanso mapaipi," anayankha munthu kumbuyo kwathu.

Anali amake Thaer a m'nyumba ya pansi pathu, atabweretsa makapu amene ndinawabwereka. Amuna awo atamwalira, iwo anakaphunzira kukonza mapaipi, ndipo amayi ambiri amaitana iwowo chifukwa sangalowetse mwamuna wachilendo m'nyumba bambo kulibe.

"Mwathiramo chiyani kale?"

Ndinawaonetsa botolo langa. Nthawi yomweyo analanda asidi uja n'kutsegula zenera.

"Bambo a Mazin, ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wotsamwitsa, wotentha m'maso ndi m'chifuwa. Alendo anu akanakupezani kuchipatala."

"Ine ndimangofuna kuthandiza," anatero a Fawzi, mawu atatsika.

"Thandizani ndithu. Gwirani ndowa iyi."

Anatiuza kuti tivale magulovu n'kukapa madzi onse ndi kapu yakale. Kenaka anatsegula kabati ya pansi pa sinki, natisonyeza paipi yokhota.

"Zinyalala zimagona apa. Lamis, bwera, ndiwe ukupita kubanja. Ika ndowa pansi, upotokole mphete ziwirizi ndi manja. Nkhope uyiike kutali."

Lamis anagwada, napotokola. Munatuluka chimpira choyera cholimba ngati sopo, chosakanikirana ndi mpunga ndi zinthu zakuda.

"Si nkhosa ya Lachisanu ija iyi?" anafunsa a Fawzi akusuzumira m'ndowa.

"Ndi yomweyo, pamodzi ndi khofi wanu wa makapu asanu pa tsiku," ndinawabwezera.

Koma wolakwa ndinali ine. Msuzi wa nkhosa ukatsala ndinkauthira musinki uli wotentha. Khofi wotsalira pansi pa kapu ndinkathiramo dala, chifukwa mayi anga anandiphunzitsa kuti amatsuka mapaipi.

"Tonse tinamva zimenezo kwa amayi athu," anatero amake Thaer akuseka. "Mafuta amalowa ali madzi, akazizira amaundana, khofi n'kudzamatirira pomwepo. Mafuta muzisiya azizire, muziwapala n'kutaya mubini. Khofi nayenso mubini. Pabowo muike kasefa."

Lamis anatsuka paipi ija ndi madzi otentha ndi sopo, naibwezeretsa, namanga mphete bwinobwino. Titatsegula mpope madzi anatsika osaima, pansi osadontha.

Masana alendo anafika. Monga tinkayembekezera, amake Yazan atamwa khofi ananyamuka ndi kapu yawo. Ine ndinawatsatira. Anayang'ana mapoto, anayang'ana chitofu, kenaka anapendeketsa kapu pasinki kuti akhuthule zotsalira.

Lamis anawagwira dzanja mofatsa. "Pepani mayi, ndipatseni ndikataye mubini. Khofi amatseka paipi."

Ndinangoti basi, ukwati wathera pomwepa. Ndani amakonza apongozi tsiku loyamba?

Amake Yazan anamutembenukira. "Wakuuza ndani?"

"Ndaona ndekha lero m'mawa. Inatseka, ndamasula ndine."

"Ndi manja akowa?" Anawagwira manjawo, nawatembenuza. Kenaka anandinong'oneza: "Yanga yatha sabata itatseka. Amuna anga ndi ana anga aamuna atatu amangoyiyang'ana. Kodi abambo a kwathu abwere liti kudzapempha ukwati wa mwanayu?"

Madzulo a Fawzi anauza achibale pafoni kuti sinki anakonza okha. Ndinawasiya, poti ndowa anagwiradi.

Tsono anzanga, sinki si bini. Musathiremo mafuta, khofi kapena mpunga. Ikatseka musasakanize mankhwala, chifukwa mukhoza kuvulala. Valani magulovu, ikani ndowa, masulani paipi yokhota ija, ndipo zikakanika itanani wodziwa ntchitoyo. Lamis anakwatiwa mwezi wa Julaye, ndipo pa mphatso zonse, ya amake Thaer inali kasefa ndi magulovu.