Mkazi wa Chidole Ali ku Chawama

Chaka chimene mbendera inasintha, azungu ambiri a ku Kabulonga anayamba kumanga katundu. Edmond Chileshe, khukhi wa dona wina kumeneko, anafika kwawo ku Matero ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Mkazi wake Mainess atamasula anapeza chidole cha dothi loyera, losalala ngati kapu ya tiyi: kanyamata ka Chingelezi kovala jekete yamaluwa, kamwana ka nkhosa kali kumapazi, kataima pa tsinde lopotanapotana lopaka golide. Dona ankati chinaumbidwa agogo a agogo ake asanabadwe.

Koma Mainess sanali mlendo kwa chidolecho. Pa Khirisimasi ankakathandiza kusita kwa donayo, ndipo anaziona pamwamba pa kabati zili ziwiri, kanyamatako ndi kamtsikana ka diresi yotukumuka, kali ndi dengu la maluwa m'manja.

"Nanga mkazi wake ali kuti, Ba Edmond?"

"Anapwanyika popakira. Iwe, wapatsiwa cinthu, uyamba mafunso?"

Mtima wa Mainess unakana. Edmond ameneyu, munthu wosunga ngakhale chogwirira cha kapu yosweka ati adzamata tsiku lina, akanataya zidutswa za golide? Anaika chidolecho pa shelefu, pakansalu koluka, ndipo akamasesa ankachiona chitatambasulira dzanja kumanzere kumene kunalibe munthu. Chinkamunyansa.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinayamba kununkha. Edmond ankagona kuntchito Lachisanu mpaka Lamlungu, ati dona amalandira alendo. Tsopano dona anali atapita, nyumba ili m'manja mwa mzungu wosakwatira wodya ku kalabu, koma alendo a Edmondwo ayi ndithu, sanathe. Malaya ankabwera Lolemba atachapidwa ndi sopo wachilendo, kolala atasitidwa mwa dzanja lina. Mainess ankaopa chinthu chimodzi, kuti kwinakwake kuli kamtsikana kopaka milomo kamene kakumulanda banja.

Ndiye tsiku lina kunabwera Elina, mayi woyenda ndi beseni la nsomba za kapenta m'makomboni onse, amene maso ake amalowa m'nyumba mwini asananene odi.

"Ah, Ba Mainess, aka kadoli ninakaonapo kakazi kake! Ku Chawama, kuseli kwa cigayo, nyumba ya citseko ca buluu. Vilingana monga mapasa."

Mainess anagula kapenta amene sankamufuna n'komwe. M'mawa mwake, Edmond atangopalasa njinga, Mainess anasiya ana kwa aneba, namanga chitenje cholimba, cha ndewu. M'basi monse ankakonza mawu oti akamulalatire wakubayo, ndipo ena anali oti sanganenedwe pamaso pa ana.

Pakhomo la buluu sanapeze milomo yopaka. Anapeza mayi wamkulu kuposa iye, imvi zitayamba m'mbali, akusankha nyemba m'lichero. Mainess anasokonezeka, nangopempha madzi akumwa ngati wapaulendo.

"Ngenani, dzuwa yabaya," anatero mayiyo. "Ndine Virginia. Nsama, leta manzi ya alendo!"

M'katimo kamtsikana ka dothi kaja kanali pa kabati ndi dengu lake, kopanda ngakhale mng'alu. Pamwamba pake panapachikidwa chithunzi cha ukwati, chofiirira ndi ukalamba. Edmond analipo, wowonda, tsitsi lili thoo, atagwira Virginia pakhomo la tchalitchi. Kenako analowa Nsama uja, namwali wa yunifolomu ya sukulu, nagwada ndi kapu. Namwaliyo atamwetulira, Mainess anaona mpata wa mano wa Edmond. Mwana woyamba wa Mainess anali ndi zaka zisanu zokha, ndipo ukwati wake ndi Edmond unali wa pakhonde la amalume, wopanda chithunzi.

Mainess analandira kapu, maso ali pa kabati.

"Kabwino kadoli aka," anatero, poti pakamwa panafunika kutuluka kanthu.

"Ananiletera amuna anga. Asebenza kutali, kwa azungu, abwera cabe pa wikendi. Zaka sikisitini manje, ninazolowera." Virginia anaika lichero pansi, natsitsa mawu. "Koma anthu akamba. Ati kuli kamkazi ku Matero kamene kanamugwira mutu, kanamubalira na bana. Ine sininakaonepo. Nipempha cabe Mulungu nisakumane nako, cifukwa siniziba camene ningacite."

Mawu onse aja a m'basi, Mainess anawamva akumubwerera limodzilimodzi, ndipo onse ankamukwana iye mwini. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Virginia anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pa duku mpaka pa chitenje chomangidwa mwa ndewu chija.

"Nanga imwe amai, mwacokera kuti?"

"Ku Mandevu," ananama Mainess, nabweza kapu ndi manja awiri.