Kalendala ya Abwana

Kompyuta inanena mosapsatira kuti nyumba yansanjika ija idzatha pakapita zaka zisanu ndi chimodzi. Mwini nyumbayo anali atalonjezedwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo tsiku limenelo ankabwera teni koloko kudzaona ndondomeko ya ntchito.

"Mayi Kalaliki," anatero abwana a kampani yomangayo, "pofika teni deti limeneli likhale litasintha. Apo ayi, mpando wanuwo tipatsa wina."

Mayi Kalaliki anangoti chabwino. Iwo ndiwo ankalowetsa ntchito za amisiri m'pulogalamu yokonzera ndondomeko: khoma lidikire maziko, denga lidikire khoma, wopenta adikire onsewo. Chiyambire, pulogalamuyo inali isanawanamizepo. Anthu ndiwo ankawanamiza.

Abwana anaitana mlamu wawo, uja amisiri amamutcha Injiniya chifukwa anagonapo sabata imodzi kumaphunziro a kuhotela n'kubwerako ndi chikwama cholembedwa. Injiniya anadzikhazika pampando wa Mayi Kalaliki ngati akuuyesa saizi. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Zaka zisanu ndi chimodzi. Anauzira fumbi pakiyibodi. Anatembenuza mausi n'kuisuzumira kunsi, ngati wogula nkhuku wofuna kudziwa ngati ndi tambala kapena thadzi.

"Ndi vayirasi iyi, alamu. Amayiwa amaonerapo mafilimu."

"Filimu yake ndi yomwe ndikuonera panoyi, achimwene," anatero Mayi Kalaliki. "Tandibwerekani mpando wanga musanauzolowere."

Anatsata mzere wofiira, uja umasonyeza ntchito zimene zikachedwa zimakoka zinzake zonse. Pakati pa ntchito iliyonse ndi inzake panali patamera kantchito katsopano: "Abwana aone, asayine." Anawerenga mpaka mazana atatu. Sabata yapitayo abwana anali atalamula kuti ngakhale njerwa isagone pa inzake iwo asanasayine, ndipo Injiniya analowetsa lamulolo m'pulogalamumo mosangalala, osauza munthu.

Ndiye panali kalendala. M'pulogalamumo munthu aliyense ali ndi yake, ndipo Mayi Kalaliki anazilemba kalekale monga momwe maso awo amaonera. Omanga: Lolemba mpaka Loweruka. Abwana: Lachinayi masana, pochokera kotsukitsa galimoto. Kusayina mazana atatu, Lachinayi mazana atatu. Kompyuta yosalakwayo inangowonkhetsa.

Mwini nyumba, mayi wamagalasi wosadziwa kuseka, anali atalowa kale.

"Cholakwika ndachipeza, bwana," anatero Mayi Kalaliki kwa abwana a kampani ndi ulemu wonse, koma mokweza. "Makinawa akuganiza kuti inuyo mumabwera Lachinayi lokha."

"Bodza lamkunkhuniza! Ine hafu pasiti seveni ndimakhala ndafika, tsiku ndi tsiku. Konzani msanga!"

"Ndimanena ine kuti ndi vayirasi," anatero Injiniya.

Mayi Kalaliki anakonza: Lolemba mpaka Loweruka, hafu pasiti seveni. Deti linabwerera pa miyezi isanu ndi inayi, iwo n'kusindikiza pepalalo.

Mwini nyumba analiwerenga ndi chala, mzere ndi mzere. "Zakhala bwino. Popita kuntchito ndimadutsa pano nthawi yomweyo. Ndiziima m'mawa uliwonse, ndizikupezani mukusayina."

Lolemba, Mayi Kalaliki ali pampando wawo ndi kapu ya tiyi, anaona abwana pawindo, zidindo za pilo zili patsaya, akukangana ndi mlonda wam'mawa, amene ankakana kuwatsegulira geti chifukwa sankawadziwa.