Mafupa Ophika

Katoni ya akalulu inkabwera Lachiwiri lililonse kuchokera ku Ras Al Khor, dera lina la mu Dubai, pa galimoto ya firiji. Golden ankailandira pa geti, kuisenza paphewa, n'kukaikhuthulira mu firiza ya kuseri kwa nyumba. Akaluluwo ankabwera osenda kale, ouma gwa, aliyense m'pulasitiki yakeyake. Sanali ndiwo za anthu ayi. Anali chakudya cha agalu.

Ntchito ya Golden pa nyumba ya mpanda imeneyi ku Al Warqa inali agalu awiri ndi udzu wa pabwalo. Kwawo ku Kasungu, utanena kuti unakwera ndege kudzasambitsa galu, anthu angaseke mpaka kugwira nthiti, choncho abale ake ankadziwa zoti ndi mlonda pa hotela. Zaka zinali zitapitapo chibwerereni, ndipo mtima wake unali utachita dzanzi. Uthenga wa maliro ukafika pa foni, ankalemba kuti pepani, n'kupitiriza kuthirira udzu. Wa ukwati, ankalemba kuti zikomo. Sankadana ndi munthu, komanso panalibe chinkamusangalatsa. Ankadzuka, kugwira ntchito, kudya, n'kugona.

Chinkamugwedezako pang'ono ndi Pasha yekha, galu wamphongo wokalamba, wa imvi kukamwa ndi mano okutha. M'mawa uliwonse Golden akatsegula chitseko cha kachipinda kake, ankamupeza atagona pakhomo, mchira ukumenya simenti. Mu Dubai monse munalibe wina womudikirira choncho. Galu winayo, Zara, anali wamng'ono ndi wopupuluma, wosasamala kuti mbale yabwera ndi ndani.

Za akaluluzi anayambitsa ndi Madamu, mzungu mwini nyumbayo, amene mwamuna wake ankangokhalira maulendo. Pasha anali atayamba kudzikanda mpaka kutuluka zilonda, ndipo Madamu anawerenga kwinakwake kuti agalu otere amapezako bwino akasiya chakudya cha m'thumba n'kumadya nyama yaiwisi, makamaka ya kalulu.

"Yaiwisi, Golden," anatero m'Chingelezi tsiku la katoni yoyamba. "Uzingoisungunula, uziiduladula, mafupa omwe, chiwindi chomwe. Osaika pamoto. Wamva?"

"Yesi Madamu."

Kumva anamva ndithu. Koma munthu amakwera ndege ndi zimene anakula nazo. Bambo ake a Golden ankasaka ndi agalu, ndipo lamulo lawo linali limodzi: galu wa pakhomo salawa magazi. Ngakhale agalu agwire okha nyama, ankalandira zam'kati zitayamba zapsa pamoto. Galu wawo wina, Alekeni, anadzatola mbuzi yakufa kuthengo n'kuidya yaiwisi. Posakhalitsa nkhuku zinayamba kusowa, kenako kamwana ka mbuzi ka eni. Anthu anasonkhana n'kugwirizana chimodzi. Bambo ake anamutengera Alekeni kudambo atamumanga chingwe, ndipo anabwerako ndi chingwe chokha.

Tsono m'nyumba ya Madamu munali mwana amene anali atangoyamba kukwawa. Madzulo dzuwa likafooka ankamuika pakhonde, iye n'kumakwawira pakati pa agalu, timiyendo tonenepa tili pamtunda. Golden ankayang'ana timiyendoto, n'kuyang'ana kukamwa kwa Pasha. Ankadziwa kuti galu akangoluma mwana, kulibe dziko limene amamukhululukira.

Anatenga poto wake wakale, kuika pa kasitovu ka m'chipinda mwake, n'kuyamba kuphika.

Woyamba kutulukira anali Rose, mayi wa ku Mulanje amene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Anabwera kuseri atanyamula zochapa, mphuno ili m'mwamba.

"Achimwene, mukuphika chiyani kuno? Fungo lafika mpaka kukhitchini."

"Ndiwo za a Pasha."

"Si paja Madamu anati yaiwisi?"

"Madamu sanaonepo galu wolawa magazi. Mwana uja akukwawa, achemwali."

"Nanga osangowauza bwanji?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti kwathu ku Kasungu timatero? Khalasi, basi, zisiyeni."

Rose anaima kaye. Ku Mulanje nakonso ankanena zomwezo za galu ndi magazi, ndiye akanatsutsa chiyani? Anangoti, "Bola muzitsegula windo la kumpandako," n'kupita kukayanika zovala.

Zinayenda bwino kwa nthawi ndithu. Golden ankaphika kalulu mpaka nyama kulekana ndi fupa, kuziziritsa, n'kugawa m'mbale ziwiri, mafupa omwe monga analamulira Madamu. Zara ankatafuna. Pasha, ndi mano ake okuthawo, ankangoswa kamodzi n'kumeza. Zilonda zija zinauma, ubweya unayamba kumera. Madamu ankauza anzake pa foni za ubwino wa nyama yaiwisi, Golden ali chapafupi akudulira maluwa, nkhope ili phee. Akulu anati safunsa anadya phula, koma pamene ukudyapo sudziwa kuti ndi phula.

Tsiku lina m'mawa anatsegula chitseko, pakhomo panalibe galu.

Anakamupeza kuseri kwa thanki ya madzi, atagona chammbali, mimba itauma ngati ng'oma. Pafupi panali masanzi osakanikirana ndi magazi. Pasha anayesa kugwedeza mchira, koma unangosuntha pang'ono pafumbi. Golden anamunyamula. Anali wolemera kuposa thumba la simenti, ndipo galuyo anabuula kamodzi kokha.

Madamu anayendetsa yekha galimoto, tsitsi losapesa, akulankhula ndi galuyo njira yonse. Golden anakhala kumbuyo, mutu wa Pasha uli pamiyendo pake. Ankaona mipanda ya nyumba ikudutsa, mitengo ya kanjedza, amwenye akusesa m'mbali mwa msewu. Ankadziwa kuti akuyenera kuchita mantha, koma manthawo anali ngati ali m'chipinda china, chitseko chotseka.

Kuchipatala cha ziweto anamujambula Pasha m'mimba. Dokotala, mayi wa magalasi wolankhula motsitsa, anawaonetsa chithunzi chija n'kuloza timizere toyera tosongoka.

"Awa ndi mafupa. Zikuoneka kuti limodzi laboola matumbo. Tiyenera kumupanga opaleshoni pompano, koma ndi msinkhu wakewu sindikulonjezani kanthu. Amadya chiyani?"

"Kalulu," anatero Madamu. "Waiwisi yekhayekha."

"Aiwisi nawo ali ndi zoopsa zake," anatero dokotala, "koma kawirikawiri ovuta kwambiri ndi ophika. Fupa likapsa limauma, likamathyoka limasongoka ngati minga. Palibe amene anamupatsako zotsala za patebulo?"

"Palibe," anayankha Madamu, kenako anatembenuka. "Golden?"

Bodza linali pafupi, losavuta kutola. Akanatha kunena kuti mwina galuyo anafukula m'bini. Koma Pasha anali chigonere pa tebulo lachitsulo akumuyang'ana, ndipo Golden anaganiza kuti mwina dokotala akadziwa zoona amuchiza bwino.

"Ndimaphika," anatero.

"Umatani?"

"Ndimaphika, Madamu. Kuyambira tsiku loyamba."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa cha mwana."

Anayesa kufotokoza za magazi, za nkhuku, za Alekeni ndi chingwe, koma Chingelezi chake chinali cha ntchito basi, chongokwanira kunena kuti madzi atha kapena geti yatsekedwa. Mawu anamuthera pakati. Madamu anamuyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo, kenako anatembenukira kukhoma. Anamwino anamukankha Pasha n'kulowa naye mkati.

Anadikira pa mipando ya pulasitiki, mpando umodzi wopanda munthu pakati pawo. Kukona kunali bokosi lagalasi la tinsomba tofiira, ndipo Golden ankangotiyang'ana tikupita uku ndi uku. Munthu wina analowa ndi mphaka m'dengu, analipira, n'kutuluka. Dzuwa litapendeka, dokotala uja anatuluka atavula magalasi. Sanafunikire kunena zambiri.

Madamu analira mokweza, manja kumaso. Golden anadikira kuti nayenso misozi ibwere. Siinabwere. Namwino wina anabweretsa lamba wa m'khosi wa Pasha, ndipo poona kuti Madamu sakutha kulandira, anamupatsa iyeyo. Anali akadali wofunda.

Atafika kunyumba, Rose anali pa geti ndi mwana kumsana.

"Zayenda bwanji, achimwene?"

Golden anangomuonetsa lamba uja.

"Mayo ine," ananong'ona Rose. Madamu atalowa m'nyumba, anasendera pafupi. "Za m'poto muja ndataya zonse, ndatsuka. Akuthamangitsani?"

"Sananene."

"Inshala, Mulungu akalola, sakuchotsani. Simunachite dala."

"Eya," anatero Golden, osadziwa kuti akuvomera chiyani.

Nthawi yodyetsa agalu inakwana monga mwa masiku onse. Zara ankazungulira pa firiza akulira ndi njala, wopanda nazo ntchito zoti mnzake sanabwerere. Madamu anatuluka, maso ali psuu, anamulandira mwana kwa Rose n'kumukhazika pa mkeka pakhonde. Kenako anabwera kudzaima pafupi ndi Golden, manja atapinda pachifuwa.

"Yala, tiye, mupatse," anatero. "Ndikuona."

Golden anatenga kalulu amene anamusungunula atabwerako kuchipatala, kumuika pa thabwa, n'kuyamba kudula. Nyama inali yozizira, yoterera, magazi ochepa akutsikira m'mphepete mwa thabwa. Mafupa ake ankaduka mosavuta pa mpeni, osati ngati ophika aja. Anaika m'mbale, chiwindi pamwamba, n'kutsitsa pansi.

Zara anadya mwaphuma, mafupa akuphwanyika mofewa m'kamwa mwake. Atamaliza ananyambita mbale, anamwa madzi, n'kudzutsa mutu, kukamwa kuli kofiira. Kenako anatembenuka n'kuyamba kulowera kukhonde kumene kunali mwana.

Miyendo ya Golden inakonzeka yokha kuthamanga. Madamu sanasunthe.

Galuyo anafika pa mkeka, ananunkhiza phazi la mwana, n'kudzigwetsa pansi pambali pake. Mwanayo anaseka, anagwira khutu la Zara ndi manja onse awiri n'kulikoka mwamphamvu. Golden anaima ndi mpeni m'manja, akudikira. Ndipo anadzipeza akufuna kuti galuyo achiteko kanthu, ngakhale kungoonetsa mano chabe, kuti Pasha akhale kuti anafera chinachake. Atazindikira chimene akulakalaka, anachita manyazi, ndipo chimenecho chinali chinthu choyamba kuchimva bwinobwino tsiku lonselo.

Zara anayasamula, anatsamiritsa mutu pamwendo wa mwanayo, n'kutseka maso.

Madamu anapita kukakhala pa mkeka. Golden anatola mbale ya Zara kupita nayo kumpopi. Anatolanso ya Pasha, imene inali youma chiikireni dzulo, n'kuitsuka nayonso.