Dzanja la Mayi Tránsito

Akazi anga a Tránsito awomba mapupusa, zitumbuwa za ufa wa chimanga zoumba powomba m'manja, pamseu wa ku Olocuilta kuno kwa zaka makumi atatu, ndipo amakhulupirira kuti tsiku limene dzanja lawo lidzaime, chiwaya nachonso chidzazizira basi. Choncho zala zitatu za kumanja zitayamba kuchita dzanzi, ufa wokanda n'kumawapulumuka, pakhomo panalowa mantha.

Wolakwa anapezeka msanga. Aliyense kuno amadziwa kuti munthu wochoka pamoto sagwira madzi ozizira, koma mpongozi wathu Yanira anawapatsa beseni lochokera kumpopi kuti asambe m'manja. Kungoyambira tsikulo mwanayo analetsedwa kuyandikira chiwaya, ntchito yake inali yodula kabichi. Inenso ndinkamuyang'ana ndi diso lofiira, ndivomere.

Tinayesa wosisita mafupa, tinayesa mafuta a njoka. Ululu unangokwera mpaka m'chigongono. Kuchipatala anavomera kupita atagwetsa pupusa yakupsa pamaso pa makasitomala, ndipo manyazi ndi amene anawanyamula, osati ine.

Adokotala, mayi wodekha, anali ndi mafunso ngati apolisi. Anafunsa ngati khosi limawawa, ngati pachifuwa pamathina akamakwera chitunda, ngati mfundo za zala zimatupa m'mawa. Anati mkono umatha kulirira zinthu zambiri, nyamakazi, shuga, fupa la m'khosi, ngakhale mtima, ndipo anawayeza magazi. Kenaka anagogoda pang'ono pomwe dzanja limalumikizana ndi mkono, akazi anga n'kudzidzimuka ngati agwira waya wamagetsi. Mtsempha, adokotalawo anatero, wapanikizika pampata wothina chifukwa cha kuwomba kwa zaka zonsezi.

"Nanga madzi ozizira aja, adokotala?"

"Madzi alibe mlandu, mayi. Dzanjali latopa basi."

Anawamanga chothandizira kuti dzanja lisapindike, n'kulamula masabata asanu ndi limodzi osawomba.

M'mawa mwake akazi anga anakhala pampando pafupi ndi chiwaya, nkhope ili gwa, n'kuuza Yanira kuti asambe m'manja ayambe. Mwanayo anatapa ufa, anaika nyemba ndi tchizi, anatseka, manja n'kuyamba kulira pha pha pha. Kani zaka zisanu zonse chibwerereni pakhomo pano ankaphunzira ndi maso, ngakhale ali pakabichi paja. Akazi anga anapezabe chonena, kuti tchizi wachuluka, kuti m'mphepete mwanenepa. Ine ndinakondwa kwambiri, pakuti munthu wodandaula za tchizi ndiye kuti mantha amuchoka.

Cha m'ma teni anafika a Cástulo, dalaivala wa basi amene wadya pathu chiyambire ali ndi tsitsi. Anakhala chofulatira chiwaya monga mwa masiku onse, anadya anayi, n'kupukuta ndevu.

"Mayi Tránsito, dzanja lanuli ndingalidziwe ngakhale mutandimanga m'maso. Enawa amangoseweretsa ufa."

Yanira anaweramira pachiwaya. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa akazi anga kuyamikiridwa amakukonda, ndipo kungokhala chete kukanakwanira kuti ulemuwo ukhale wawo. Koma anakweza dzanja lomangidwa lija kuti onse alione.

"Mangani m'maso mwanumo, a Cástulo. Langa ndi ili, lili patchuthi. Amene mwadyawo wawomba ndi mwana wangayu, ndipo ndinamuchedwetsa ndine."